Mishoni ya Embangweni: Sukulu ndi Chipatala Zimene Zinadza Nkhondo Zikutha

Kuchokera pa Jenda, pomwe mabasi a pamsewu wa M1 amaima kuti apaulendo agule tomato, anyezi ndi mbatatesi, pali msewu wolowera chakumadzulo umene umakafika ku Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kumeneko kuli tchalitchi chachikulu cha njerwa, chipatala, sukulu ya pulayimale, sekondale ya Robert Laws, koleji ya aphunzitsi ya Loudon ndi sukulu ya ana osamva. Zonsezi zili m'manja mwa mpingo wa CCAP, Sinodi ya Livingstonia, ndipo chiyambi chake ndi chaka cha 1902. Komabe munthu sangaimvetse mishoniyi akayambira pa 1902. Mizu yake ili m'zaka makumi anayi za nkhondo zimene zinasakaniza mitundu ya anthu a kuno, ndiponso m'funso limene akuluakulu a Angoni analimbana nalo kwa zaka zambiri: mwana amene sadzapitanso kunkhondo adzaleredwa bwanji?

Ana a m'nthawi ya mikondo

Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Atayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, mfumu yawo inamwalira, mtundu unagawikana, ndipo gulu la M'mbelwa linabwerera chakumwera n'kukhazikika m'zigwa za Kasitu ndi Rukuru cha m'ma 1850. Ufumu umenewu unkakula ndi anthu ogwidwa kunkhondo. Ankhondo akagwera mudzi wa Atumbuka, Atonga, Asenga kapena Achewa, ankatenga ng'ombe ndi chakudya, koma chuma chenicheni anali ana ndi amayi. Mwana wogwidwa ankaperekedwa ku banja la Chingoni, ankabooledwa makutu, n'kukula ngati mwana wa pamudzipo. Akakhala wolimba mtima ankatha kukwera mpaka kukhala nduna.

Ana a Angoni anali ndi maphunziro awoawo. Mnyamata ankachoka m'nyumba ya amayi ake kukagona ku laweni, komwe anzake aakulu ankamuphunzitsa mwambo, kumvera ndi kupirira. Masana ankaweta ng'ombe, ndipo akakula ankalowa m'gulu la ankhondo a msinkhu wake. Ulemu, ng'ombe ngakhale ukwati zinkadzera pa mkondo. Kumbali inayo, ana a mitundu yothawa ankakulira m'malinga, m'mapiri ndi m'madambo, kumene njala ndi matenda zinkapha ambiri kuposa mikondo yeniyeniyo.

M'zaka za m'ma 1870 anthu ogwidwa anayamba kugalukira. Atonga anathawira kwawo kunyanja n'kugonjetsa ankhondo amene anawalondola ku Chintheche. Ahenga anathawira chakumpoto. Atumbuka a Baza Dokowe atagalukira cha m'ma 1880, anathawira pa phiri la Hora, kumene anazingidwa mpaka ludzu linawatsitsa, ndipo ambiri anaphedwa. Limeneli ndilo dziko limene amishoni a Livingstonia analipeza.

Koyi ndi zaka za kudikira

Amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Dr Robert Laws anaona msanga kuti sukulu za kunyanja sizingakhalitse ngati sagwirizana ndi M'mbelwa. Munthu amene anatsegula khomo sanali mzungu. Anali William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale ku South Africa, amene anabwera mu 1876 pamodzi ndi anzake atatu. Chinenero chake chinali chofanana ndi Chingoni, ankadziwa mmene munthu amalankhulira pamaso pa mfumu, ndipo mu 1882 anakhazikika pa Njuyu, pafupi ndi mudzi wa M'mbelwa. Mu 1885 kunabwera Dr Walter Elmslie.

Mafumu analola kuti alendowo akhale, azipereka mankhwala ndi kulalikira pang'ono, koma sukulu anaikana. Sikuti ankakana mwaumbuli. Anaona bwino lomwe kuti mwana akaphunzira mawu oletsa kupha ndi kulanda, sadzanyamulanso chishango, ndipo ufumu wopanda ankhondo sukanaima pakati pa adani amene unadzipangira. Choncho kwa zaka zinayi panalibe sukulu yololedwa. Anyamata owerengeka ankabwera usiku mobisa kudzaphunzira kuwerenga, ndipo ena mwa iwo anali Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, ana a sing'anga wotchuka.

Kumayambiriro kwa 1886 kunagwa chilala. Nsembe za kwa makolo zitalephera, mafumu anapempha amishoni kuti apemphere. Mapemphero anachitika pa Njuyu, mvula inagwa, ndipo patapita miyezi yochepa bwalo la mafumu linalola kuti ana aziphunzitsidwa. Koyi anamva uthengawo ali pamphasa, ndipo anamwalira mu Juni chaka chomwecho. Sukulu ya pa Njuyu inatsegulidwa chakumapeto kwa 1886, siteshoni ya Ekwendeni inayamba mu 1889, ndipo abale awiri a kwa Tembo anabatizidwa mu 1890.

Chimene chinagoneka mikondo

Mabuku akale a amishoni amakamba ngati kuti Baibulo lokha ndilo linathetsa nkhondo za Angoni. Zoona zake n'zakuti zinthu zingapo zinakumana. M'mbelwa anamwalira mu 1891, ndipo panapita zaka Chimtunga asanalowe ufumu. Cha m'ma 1893 mliri wa ng'ombe umene unasesa mbali yaikulu ya Africa unafika kuno n'kupululutsa makola. Mitundu yoyandikana inali itapeza mfuti ndi kumanga malinga olimba. Boma la Britain nalo linali litafika: mu 1896 linapha Inkosi Gomani ku Ntcheu, ndipo mu 1898 linaphwanya Angoni a Mpezeni kudera la Chipata n'kupha mwana wake Nsingo. Mafumu a ku Mzimba anamva zonsezi. Pa nthawi yomweyo achinyamata anali atapeza njira ina yopezera ng'ombe ndi nsalu, ndiyo kupita kukagwira ntchito ku Blantyre ndi kumigodi ya kumwera.

Gawo la mishoni linali lakuti inapatsa achinyamata kolowera pamene njira yakale inkatsekeka. Mnyamata amene sakanathanso kutchuka ndi mkondo ankatha kutchuka monga mphunzitsi. Mu 1904, Alfred Sharpe, mkulu wa boma la atsamunda, atakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, anabwera wopanda gulu lankhondo, ndipo Mzimba inalowa pansi pa Britain popanda kukhetsa mwazi. Mafumu anasunga maudindo awo. Ufulu wawo unatha ndithu, ndipo msonkho unatsatira posakhalitsa, koma midzi sinatenthedwe ngati kwa Mpezeni.

Kuchoka pa Hora kupita ku Lwasozi

Donald Fraser, wobadwa mu 1870 ku Lochgilphead, anafika m'dziko muno chakumapeto kwa 1896 n'kuyamba ntchito ku Ekwendeni. Pambuyo pake anapita ku siteshoni ya Hora, imene inali itatsegulidwa mu 1893 pafupi ndi phiri lomwe lija la kuphedwa kwa Atumbuka. Mu 1901 anakwatira Agnes Robson, amene anali dokotala. Koma nthaka ya ku Hora inali itaguga ndipo mitengo inali itatha, kotero midzi inayamba kusamukira chakumwera, kumalo kumene kale munthu sakanalimba mtima kukhala patali ndi anzake. Mtendere ndiwo unalola kubalalikaku. Mzukuzuku atasamutsa anthu ake, mishoni inawatsatira, ndipo mu 1902 banja la Fraser linamanga pafupi ndi mtsinje wa Lwasozi. Siteshoniyo inatchedwa Loudon pokumbukira Dr James Loudon wa ku Hamilton, bwenzi la David Livingstone, amene mkazi wake wamasiye anapereka ndalama zothandizira ntchitoyo. Anthu a kuno anapitiriza kutchula malowo ndi dzina la mudzi wa mfumu yawo, Embangweni.

Ndalama za ku Scotland sizikanakwanira. Njerwa za tchalitchi ndi za sukulu anaumba ndi anthu a m'midzi, mitengo ananyamula pamapewa ndi amuna amene ena a iwo anali atamenyapo nkhondo, ndipo amayi ankatunga madzi ndi kumweta udzu. Fraser, amene anthu anam'patsa dzina loti Chisekeseke chifukwa cha nsangala zake, anali ndi khalidwe limene amishoni anzake ena sankalikonda: ankalola kuti Chikhristu chivale za kuno. Ankachititsa misonkhano ikuluikulu ya masiku angapo imene inkasonkhanitsa anthu zikwizikwi, monga mmene Angoni ankasonkhanira pa miyambo yawo. Ankalimbikitsa anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za mpingo pa maimbidwe a Chingoni, ndipo zambiri mwa nyimbozo zikuimbidwabe m'buku la Sumu za Ukristu. Anakhazikitsanso udindo wa amayi akuluakulu, balalakazi, oyang'anira amayi ndi atsikana mumpingo, zaka zambiri mpingo usanavomereze kuti amayi akhale akulu a mpingo.

Sukulu za m'midzi ndi ulendo wa ku Marambo

Mphamvu ya Loudon inali m'sukulu za m'midzi zimene zinafalikira kuzungulira siteshoni. Sukulu yoteroyo inali kanyumba ka dothi ndi udzu komangidwa ndi eni mudzi, kamene Lamulungu kankasanduka kachisi. Ana ankayamba ndi kulemba pamchenga, kenaka pa sileti. Ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Mawu a Mulungu, ndipo makolo ankapereka kandalama kochepa kapena chimanga, nkhuku ndi mazira. Mphunzitsi nthawi zambiri anali mnyamata amene wangotsogola anzake ndi makalasi ochepa, choncho chaka ndi chaka aphunzitsi ankaitanidwa ku siteshoni kukawonjezera maphunziro. Ochita bwino koposa ankatumizidwa ku Khondowe, ku sukulu yaikulu imene Laws anatsegula mu 1894.

Pamphasa imodzi ya m'sukulu zimenezi pankakhala mwana wa nduna ya kwa M'mbelwa ndi mdzukulu wa kapolo, mwana wa amene anazinga phiri la Hora ndi mwana wa amene anapulumuka paphiripo. Wokhoza mayeso ndiye ankakhala patsogolo, kaya atate ake anali yani. Mmera n'poyamba, ndipo m'badwo umene unakulira pamodzi m'makalasi amenewo sunatengerenso chidani cha makolo awo pa mlingo wakale. Kunali kutayapo kwina. Poyamba amishoni ankaphunzitsa ndi mabuku a Chizulu ndi Chingoni, koma popeza ana ambiri ankayamwa Chitumbuka kwa amayi awo, sukulu ndi mpingo zinatsamira ku Chitumbuka, ndipo Chingoni chinatsalira m'nyimbo, m'mayina ndi m'midzi yowerengeka.

Chodabwitsa kwambiri m'mbiri ya Loudon ndi ntchito ya ku Marambo, chigwa cha Luangwa, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Asenga a kumeneko anali atakhala m'malinga kwa zaka zambiri poopa Angoni ndi Abemba. Mpingo wa Angoni unayamba kutumizako aphunzitsi ake, kuwalipira ndi zopereka zake, ndipo iwo ankayenda wapansi masiku ambiri m'njira zomwe makolo awo ankadzera ndi zishango. Mmodzi wa alaliki otchuka a nthawiyo anali Daniel Mtusu Nhlane, mwana wa nduna ya nkhondo Chiputula Nhlane, amene iye mwini anamenyapo nkhondo ali mnyamata. Fraser anasindikiza mbiri ya moyo wake mu 1925. Ntchito ya ku Marambo ndiyo inabala siteshoni ya Chasefu, m'dera la Lundazi, imene ndi umodzi wa mizu ya CCAP ya ku Zambia.

Chipatala

Ntchito ya mankhwala inayamba ndi Dr Agnes Fraser, m'kachipinda kochepa, ndi zilonda, malungo, ovulala ndi amayi ovutika pobereka. Dokotala wamkazi anali ndi mwayi umene Elmslie analibe: ankatha kulowa m'nyumba ya mayi woyembekezera, kulankhula ndi azamba a m'mudzi ndi agogo amene ankalamula za kaleredwe ka khanda. Anthu sanasiye asing'anga awo tsiku limodzi. Ambiri ankayamba kwa sing'anga n'kubwera ku mishoni matenda atakula, ndipo chikhulupiriro chinamangidwa pang'onopang'ono, mwana mmodzi akachira, mudzi wonse n'kumva.

Banja la Fraser linabwerera ku Scotland mu 1925. Chipatala chinakuzidwa m'nthawi ya Dr William Turner, amene anabwera pambuyo pawo. Kenaka panadza nyengo yaitali, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imene pa Embangweni panalibe dokotala wokhazikika. Amene anasunga chipatalacho zaka zonsezo anali anamwino, azamba ndi othandiza madokotala a Chimalawi, amene mayina awo sapezeka kawirikawiri m'mabuku a mbiri. Popanda iwo, madokotala amene anabwera pambuyo pake mothandizidwa ndi mpingo wa Presbyterian wa ku America akanapeza zipupa zokha.

Nkhondo ina ndi mikangano ya m'nyumba

Mtendere wa 1904 sunakhalitse osayesedwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika kumalire a Karonga mu 1914, boma linafuna amuna a mtengatenga onyamula katundu wa asilikali. Inkosi Chimtunga anakana kupereka anthu ake ndi chakudya, ndipo mu 1915 boma linam'chotsa paudindo n'kum'tumiza kuchigawo cha kumwera. Amuna ambiri anatengedwabe, aphunzitsi ena anapita nawo, sukulu zambiri za m'midzi zinatsekedwa kapena kufooka, ndipo nkhondo itangotha kunagwa mliri wa fuluwenza wa 1918. Eni midzi anayambanso kufolera makalasi amene anagwa ndi kusonkhanitsa ana amene anabalalika. Aphunzitsi ndi abusa ophunzira ku mishoni ndiwo anatsogolera bungwe la Mombera Native Association, limene linayamba mu 1920 ndipo linalimbikira kuti ufumu wa M'mbelwa ubwezeretsedwe.

M'kati mwa mishoni namonso munali zowawa. Amishoni ankaphunzitsa anthu bwino koma ankachedwa kuwapatsa udindo. Charles Domingo, amene Koyi anabwera naye ali kamwana kuchokera ku Quelimane, anamaliza maphunziro a ubusa, anatumikira ku Loudon, koma anadikira kudzozedwa mpaka anatopa. Anachoka mu 1908, ndipo pambuyo pake anatsegula mipingo ndi sukulu zakezake m'boma la Mzimba, akudzudzula poyera mgwirizano wa boma, makampani ndi amishoni. Abusa oyamba a Chimalawi a Livingstonia anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikire mishoni: Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Chirwa anatumikira nthawi yaitali ku Loudon, ndipo anthu a kuno ankamukonda kwambiri. Charles Chinula, mphunzitsi ndi wopeka nyimbo waluso, anadzozedwa mu 1925, anachotsedwa pa ubusa mu 1930, ndipo anayambitsa mpingo wake ndi sukulu ku Sazu. Domingo ndi Chinula anachoka ndi chinthu chimodzi chimene anachitenga ku Loudon: aliyense wa iwo poyambitsa mpingo ankayamba ndi sukulu.

Vuto lina linali lakuti maphunziro anapambana ntchito zimene zinalipo. Mzimba inalibe minda ikuluikulu ya azungu kapena mafakitale, choncho mnyamata wodziwa kulemba ndi Chingerezi ankapita kukakhala kalaliki kapena kapitawo ku Salisbury, ku Copperbelt kapena ku Joni. Ena ankatumiza ndalama zolipirira abale awo sukulu, ena anasanduka matchona. Njira imeneyo sinatsekeke mpaka lero, ndipo aphunzitsi a kumwera kwa Mzimba akulimbanabe ndi mtima wa anyamata amene amaona pasipoti kukhala yofunika kuposa satifiketi.

Fraser anamwalira ku Scotland mu 1933, ndipo mu 1935 mkazi wake anabweretsa phulusa la thupi lake kudzaliika ku Embangweni.

M'manja mwa eni dziko

Mpingo wa CCAP unabadwa mu 1924, Livingstonia ndi Blantyre atagwirizana, ndipo Nkhoma inalowa mu 1926. M'zaka za m'ma 1950 ulamuliro wa sukulu ndi zipatala unachoka m'manja mwa amishoni n'kupita ku Sinodi ya Livingstonia. Kuyambira pamenepo Embangweni yakhala ikuyendera pa mgwirizano wa mpingo, boma ndi abwenzi akunja. Chipatala chili m'bungwe la CHAM, limene zipatala zake zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Boma limalipira ogwira ntchito ambiri, ndipo pali mapangano amene amalola amayi oyembekezera ndi ana aang'ono kulandira chithandizo china mosalipira. Chipatalachi chili ndi zipatala zing'onozing'ono ku Kalikumbi, Mabiri, Mhalaunda ndi Mpasazi, kumene amayi amapita kusikelo ndi kukabayitsa ana katemera, ndipo odwala ena amawoloka malire kuchokera ku Zambia, kudera lomwe lija aphunzitsi a Loudon ankapitako wapansi.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa ntchito zatsopano. Edzi inadzaza mawodi ndi kusiya ana amasiye ambiri, mpaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004. Mu 1990 bungwe la Marion Medical Mission la ku America linayamba kuthandiza midzi ya kuno kukumba zitsime zotetezedwa, eni mudzi akuumba njerwa ndi kukumba okha, pofuna kuchepetsa matenda otsekula m'mimba amene ankapha ana. Ntchitoyo inafalikira m'Malawi, Zambia ndi Tanzania. M'zaka zomwezo munatsegulidwa sukulu ya ana osamva, imene inalandira ana amene kale ankangokhala pakhomo. Maphunziro aulere a pulayimale a 1994 anadzaza makalasi kuposa mmene aphunzitsi akanathera, ndipo kufunika kwa koleji ya aphunzitsi pa siteshoniyi kunaonekera poyera.

Masiku ano mabungwe akamakamba za kumanganso sukulu ndi zipatala nkhondo itatha, monga zinachitikira ku Tete ndi ku Niassa pambuyo pa pangano la mtendere la 1992 ku Mozambique, kawirikawiri amawerenga makalasi, malata ndi mabedi. Mbiri ya Embangweni ikusonyeza kuti ntchitoyo imayamba nyumba zisanamangidwe ndipo imapitirira omanga atachoka. Panafunika zaka zinayi za kukambirana ndi mafumu sukulu yoyamba isanaloledwe. Panafunika kuti achinyamata oleredwera nkhondo apatsidwe ntchito yaulemu, kuti ana a mbali zonse aphunzire pamodzi, ndiponso kuti eni mudzi aike thukuta lawo pa njerwa. Pamene amishoni anaumira udindo, anataya anthu awo aluso kwambiri. Pamene madokotala akunja anasowa, chipatala chinaima chifukwa anthu a kuno anali ataphunzira ntchito. Lero thandizo lakunja likuchepa, ndalama za boma zimachedwa, ndipo anamwino ndi aphunzitsi ambiri amakonda tauni. Udindo wosunga Embangweni watsalira Sinodi, mafumu a kwa M'mbelwa, boma, ndi ana a mishoniyi amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg.